Thanki Yaikulu ya a Kaphwiti

"Ndikufunsa za mgolo wanga. Mgolo wanga uli kuti?"

A Nickson Kaphwiti anali atagwada kumbuyo kwa galimoto yawo, mutu uli kunsi, matako ali m'mwamba, ngati munthu wokumba mbewa. Akazi awo, a Zelifa, anaima pambuyo pawo, chidebe chopanda madzi chili m'manja.

"Bambo a Gloria, ndikulankhula ndi inu. Mvula yagwa m'mawa wonse, madzi angotayika ngati pakhomo pano palibe munthu wamanja. Ndapita kuseri kwa nyumba, ndapeza njerwa zokhazokha pamene pamakhala mgolo. Mwapita nawo kuti?"

"Mgolo uli pantchito," anatero a Nickson, mawu akuchokera kunsi kwa galimoto.

"Ntchito yanji yoposa kusunga madzi?"

A Nickson anatuluka chafutambuyo, nadzipukuta matope m'mawondo. Nkhope yawo inali yowala ngati ya munthu amene wangokolola fodya wabwino.

"Bwerani muone nokha, Nambewe. Mwina mukaona musiya phokoso."

Galimotoyo inali yakalekale, ya matayala akuluakulu, ija yoyenda m'tchire ndi m'matope. Anaigula pa esiteti ina ya fodya itatsekedwa, ndipo m'mudzi monse munalibe galimoto ina. Anatsegula chitseko chakumbuyo. A Zelifa anasuzumira, chidebe n'kugwa m'manja.

Mpando wakumbuyo munalibe. M'malo mwake munagona chinthu chakuda bii, chachitali kuchoka chitseko ichi kukafika chitseko icho. Anachiyang'anitsitsa, nazindikira mgolo wawo, utalumikizidwa ndi mgolo wina, atauwotcherera pansi pa galimoto. Payipi inachokera pamenepo kupita kunsi, ndipo kumbuyo kwenikweni kunatulukira mpopi wonga wa pamjigo wa kusukulu.

"Imeneyi ndiye thanki," anatero a Nickson, akuisisita ngati ng'ombe yamkaka. "A McDonald a pa Nsaru aja ndi mmisiri, musawaone kuonda. Thanki yakale ija inali ya ana. Iyi ikakhuta, mudzi wonse ukhuta."

"Mwapenga kodi?"

"Ndachenjera. Mvetserani. Mafuta asowa m'dziko muno, eti? Pa filing'i akukana zigubu. Ukangofika ndi chigubu akukupirikitsa ngati galu wakuba mazira. Koma galimoto saikaniza. Lamulo likuti mafuta athiridwe m'thanki ya galimoto. Kodi lamulolo linanena kuti thankiyo ikhale yaikulu bwanji? Silinanene. Ine ndikamwetsa m'tauni, ndibwera kuno, nditsegula mpopi, anyamata akabaza agula. Ndaba chiyani pamenepa?"

"Mpando mwaika kuti?"

"Uli pakhonde. Simunauone? Alendo azikhalapo. Ndi wawofuwofu kuposa mipando yanu yansungwi ija."

A Zelifa anagwira m'chiuno.

"Bambo a Gloria, pampando umenewo ndi pamene odwala a m'mudzi muno amagona popita kuchipatala kwa Kabudula. Amayi anu omwe anakwera pamenepo. Ndipo mwana wanu ali m'nyumbamu, mimba yafika pakhosi, mwezi wake ndi uno. Tsiku lake likafika adzakhala pati? Pampopi?"

"Kutsogolo kuli mpando."

"Umodzi! Ine womudikirira ndidzakwera padenga?"

"Zimenezo tidzaona tsiku lake. Mwana sabadwa ngati chiphaliwali."

Gloria, mwana wawo woyamba, anatulukira pakhomo atagwira msana. Mwamuna wake anali ku Joni kuganyu, ndiye iye anabwera kwa makolo ake kudzadikira mwana wake woyamba. Anayang'ana mpando uli pakhonde, nkhuku itakwerapo kale, nayang'ana bambo ake.

"Ababa, kodi si inu mumatiuza kuti galimoto iyi Mulungu anatipatsa kuti tizithandiza anthu?"

"Ndipo ndiwathandiza. Munthu akasowa petulo, ine n'kumupatsa, si thandizo limenelo? Lowa m'nyumba, usaime nthawi yaitali."

"Inu ndinu mkulu wa mpingo," anatero a Zelifa motsitsa mawu. "Anthu akuonani."

"Mkulu wa mpingo naye amadya, Nambewe. Fetereza chaka chino mugula ndi nyimbo za m'buku?"

M'mawa mwake a Nickson ananyamuka ulendo wa ku Lilongwe. Anakaima pamzere cha ku Njewa, mzere wautali wosaoneka kumene wathera. Anthu ankagona m'magalimoto, ena ankaphika tiyi m'mbali mwa msewu. Tsiku limene anafika papampu, mtsikana wothira mafuta analowetsa payipi nayamba kucheza ndi mnzake. Anacheza, nacheza, nkhani n'kutha, pampu ikungolira. Mtsikanayo anawerama, nasuzumira kunsi kwa galimoto.

"Bambo, galimoto yanuyi sikudontha?"

"Ayi, mwanawe. Ndi ludzu chabe. Nkhalamba zimamwa kwambiri."

Anali ataphimba thankiyo ndi matumba a fodya ndi bulangeti lakale. Oyendetsa magalimoto a pambuyo anayamba kuliza mahutala, wina n'kutuluka kudzafunsa ngati akuthira m'galimoto kapena m'chitsime. A Nickson anangotulutsa Baibulo, nalitsegula pachiwongolero, nakhala ngati akuwerenga. Atachoka, mafuta anatha pa filing'ipo magalimoto ochepa okha atamwa, ndipo mzere wonse unatsala ukutukwana boma.

Kumudzi malonda anayaka moto. Anyamata a njinga zamoto ankafika m'bandakucha ndi mabotolo, kuchokera kwa Kabudula, ku Nsaru, ngakhale ku Nambuma. A Nickson ankakhala pampando wa pakhonde uja, mwendo pamwamba pa unzake, n'kumatchula mtengo umene unkachititsa anyamatawo kugwira pakamwa. Wodandaula ankamuuza kuti apite ku Lilongwe akaone mzere. Anyamatawo ankagula, kenako n'kukakweza mtengo kwa okwera. Mayi wopita kusikelo, mwana wasukulu, wopita kumaliro, onse anayamba kuyenda pansi.

Galimoto nayo inasiya kuyenda. Inkadziwa njira imodzi yokha, ya ku Lilongwe ndi kubwerera. Lamulungu banja lonse linkapita kutchalitchi wapansi, Gloria akupuma pamthunzi uliwonse, galimoto itatsala pakhomo itakhuta mpaka pakamwa.

Tsiku lina masana kunabwera a Enifa, oyandikana nawo nyumba, atabereka mwana wawo wamkulu ndithu, miyendo ikulendewera mpaka m'mawondo. Mwanayo thupi linali moto, maso atatembenuka.

"Abambo, chonde. Malungo amugwira koopsa. Tithamangitseni kwa Kabudula."

A Nickson anapukusa mutu mwachisoni chachikulu.

"Mayi, ndikanakonda. Koma galimoto iyi ikangolira, ikudya katundu. Zili ngati kuuza wagolosale kuti adye shuga wake. Komanso mulibe mpando. Tengani wakabaza."

"Akabaza akutchula mtengo umene sindingakwanitse."

"Eya, zinthu zavuta m'dziko muno. Tizipemphera."

A Enifa anatembenuka, nakabwereka njinga yakapalasa, namangirira mwanayo kumbuyo ndi chitenje, nayamba kukankha. A Zelifa anawathamangira, nawaperekeza mpaka kumsewu, osatha kuwayang'ana kumaso. Mwanayo anachira, koma kuyambira tsiku limenelo amayi a pamjigo ankati a Zelifa akafika, nkhani zonse zii.

Lamulungu lotsatira abusa kunalibe, poti ali ndi mipingo yambiri yoyendera. Mlembi wa mpingo anapempha a Nickson kuti atsogolere pemphero lopempherera dziko, makamaka vuto la mafuta. A Nickson anaimirira, nakonza jekete, natsinzina.

"Atate wathu wakumwamba, mukuona nokha mmene ana anu akuvutikira. Tikupempha kuti mafuta abwere m'dziko muno." Anaima pang'ono, nameza malovu. "Koma Ambuye, ife ndani kuti tikufulumizitseni? Inu muli ndi nthawi yanu. Kwa inu zaka chikwi zili ngati tsiku limodzi. Musatengeke ndi phuma lathu. Mutiphunzitse kudikira."

Ameni wa tsiku limenelo anamveka ngati wa anthu odwala mano. Kumbuyo mnyamata wina anatsokomola mwadala, anzake n'kumuponda phazi.

Patapita masiku, a Zelifa analowa m'chigafa cha fodya kukafuna khasu. Anapeza amuna awo atakhala pansi pakati pa mabotolo, akuthira madzi ena oyera kuchokera m'chigubu. Fungo lokha linawauza.

"Ameneyo si palafini?"

A Nickson anadzidzimuka, palafini n'kutayikira pa buluku.

"Mumalowa bwanji osaodira?"

"Ndiodire m'chigafa changa chomwe? Mukuthira palafini m'petulo wogulitsa kwa ana a eni ake?"

"Pang'ono chabe. Palafini ndi petulo n'pachibale, Nambewe. Amachokera m'chitsime chimodzi. Inu simuthira madzi m'ndiwo alendo akachuluka?"

"Ndiwo zanga sizinaphe njinga ya munthu. Limbani dzulo amadandaula kuti njinga yake ikutsokomola ngati wa chifuwa chachikulu. Mwana uja njinga imeneyo ndiyo munda wake."

"Njinga za masiku ano n'zosalimba. Ndi mlandu wanga umenewo?"

A Zelifa anakhala pansi pa thumba la chimanga. Mawu awo anasintha.

"Bambo a Gloria, tisiye zonsezi. Ndikupemphani chinthu chimodzi. Anamwino anati Gloria apite akadikirire kuchipatala, poti ndi mimba yoyamba ndipo miyendo ikutupa. Usiku wathawu sanagone, msana. Mvula nayo yayamba mwamphamvu, padambo paja posachedwa pavuta kuoloka. Mawa mutiperekeze kwa Kabudula. Ine ndikhala pathanki yanuyo, palibe kanthu."

"Mawa sizitheka. Ndamva kuti kukubwera malole a mafuta. Ndikachedwa ndikapeza mzere wafika ku Chitedze. Ndikangobwerako ulendo uno, ndikutengani."

"Mwana akadzabwera inu kulibe?"

"Woyamba amachedwa. Gloria yemweyu anatidikiritsa mpaka tinatopa. Mwaiwala?"

Ananyamuka m'mawa. Mvula inagwa tsiku limenelo, ndi lotsatira lake, ndi linanso. Malole a mafuta anachedwa, a Nickson anakhalabe pamzere.

Matenda anamuyamba Gloria dzuwa litangotuluka. Poyamba anabisa, koma a Zelifa anamupeza atagwira mtengo wa khonde, thukuta lili kamukamu. Anaimba foni.

"Bambo a Gloria, nthawi yakwana. Bwerani."

"Nambewe, ndatsala pang'ono kufika papampu. Ndikuiona ndi maso. Ndikachoka pano, malo anga apita. Muuzeni alimbe mtima."

"Ndiuze mwana wam'mimba kuti adikire pampu?"

"Ndikangomwetsa ndiuluka. Pakadali pano itanani Limbani."

Limbani anabwera msanga. Anamukweza Gloria pakati, a Zelifa kumbuyo atamukumbatira, kathumba ka zitenje ndi beseni zili pamutu. Njinga inayenda bwino mpaka kudutsa sukulu. Itayamba kutsetsereka kulowera kudambo inatsokomola, nikoka, nitsokomolanso, nitulutsa utsi woyera, nizima. Limbani anaponda, naponda, thukuta likugwera pathanki. Njinga inangoti zii.

"Chavuta n'chiyani, mwanawe?"

Limbani anayang'ana kumbali.

"Amayi, musandifunse. Mafutawa ndinagula kwanu komwe."

A Zelifa anamva ngati wina wawamenya khofi. Gloria anatsika, nagwada paudzu wonyowa, nabuula. Amayi amene ankapalira m'minda yapafupi anaponya makasu n'kuthamangira. Woyamba kufika anali a Enifa. Sananene kanthu za kale. Anangomasula chitenje chawo, nayala pansi, natuma Limbani kuti athamange akaitane a Raphael abwere ndi ngolo.

Ngolo inafika, anamugoneka Gloria, ng'ombe zinayamba kutsika kudambo. Pamenepo pali pooloka pamodzi pokha, kanjira kokwezeka kokwana galimoto imodzi, uku matope, uku madzi. Kutsidya ndiko kuli msewu wa kwa Kabudula. Atatsala pang'ono kufika, anamva kulira kwa injini kuchokera kutsidyako.

"Ndi ababa," anatero Gloria ndi mawu otsika. "Abwera."

Inalidi galimoto ya a Nickson. Inkabwera mwapang'onopang'ono, kumbuyo kutatsika ngati bakha, mphuno ili m'mwamba. Kale galimoto imeneyi inkadutsa padambopo ngati pamsewu watala. Koma lero inali itamwa mpaka pakhosi, ndipo pampando wakutsogolo panali zigubu za palafini. Itafika pakati penipeni, matayala akumbuyo anazungulira pamodzimodzi, nalavula matope, galimoto n'kukhala pansi. A Nickson anaponda moto. Inatitimiranso, mpaka matope anafika pachitseko.

Njira yonse inatsekeka. Ngolo sikanatha kudutsa, njinga sikanatha kudutsa.

A Nickson anatsika, matope mpaka m'mawondo. Kutsidya kunali kutaima kale anyamata akabaza angapo, ena akukankha njinga zawo zakufa. Enanso anafika mbali ya kumudzi.

"Anyamata, tiyeni tikankhe! Msangamsanga!"

Palibe anasuntha. Mmodzi, wovala chipewa chofiira, anapinda manja pachifuwa.

"Tikanakonda, abambo. Koma thupi likangogwira ntchito, likudya katundu. Zinthu zavuta m'dziko muno. Tizipemphera."

Anzake anaseka. A Raphael, mwini ngolo, anazungulira galimotoyo akuyang'ana kunsi.

"A Kaphwiti, ngakhale atakankha, iyi siituluka. Yalemera. Tsitsani katundu."

"Katundu wake ndi mafuta. Ndiwatsitsira kuti?"

"Tsegulani mpopiwo."

"Mwapenga? Mukudziwa masiku amene ndagona pamzere? Masulani ng'ombe zanuzo zikoke."

"Ng'ombe zanga zithyoke miyendo chifukwa cha petulo wanu?"

Akukangana choncho, amayi anali atamutsitsa kale Gloria m'ngolo, poti zinali zoonekeratu kuti mwana sadikiranso. Anapita naye patsinde pa mtengo wa mkuyu, naima mozungulira atatambasula zitenje. Amuna anatembenukira kwina. Kunamveka mawu a a Enifa akulimbikitsa, kubuula kwa Gloria, kenako kachetechete wautali amene anaimitsa ngakhale mkangano wa pagalimoto. Ndiye kunamveka kulira kwa khanda, kakang'ono koma kaukali.

Mayi wina anayamba nthungululu, koma inathera pakamwa. A Enifa anasuzumira pamwamba pa chitenje.

"Magazi sakusiya! Gloria afike kuchipatala tsopano lino!"

A Zelifa anatuluka m'zitenjemo. Manja awo anali ofiira mpaka m'zigongono. Sanathamange. Analowa m'matope ndi nsapato zomwe, nayenda molunjika kumbuyo kwa galimoto. A Nickson anawatchingira.

"Nambewe, dikirani, tiganize bwino. Mwina titumize uthenga kwa a thirakitala a ku..."

"Mukumumva akulirayo?"

"Ndikumumva."

"Ndi mdzukulu wanu. Amake akutha magazi pansi pa mtengo apo. Chokani."

"Koma mafutawa..."

A Zelifa anawakankha pachifuwa ndi manja onse awiri, zala zofiira n'kudindika pa malaya awo oyera. A Nickson anakhala pansi m'matope, phwatha! A Zelifa anagwira mpopi, natembenukira kwa anyamata.

"Ana anga, awa ndi a lero, sanathiridwe kanthu. Aliyense amene akankhe galimoto iyi atunge mmene angathere. Ulere. Bwerani ndi chilichonse!"

Anaupotokola mpopiwo.

Dambo lonse linasanduka msika. Anyamata anatulutsa mabotolo, ena anathamangira m'madimba kukatenga makheni othirira ndiwo zamasamba, wina anabwera ndi mphika, wina anavula jombo. Limbani anakhuthulira pansi mafuta oipa a m'njinga yake n'kuthiramo atsopano. Fungo la petulo linadzaza paliponse. Mkulu wina anafika akusuta chingambwe, a Raphael anamulanda n'kuchiponya m'madzi, namukalipira kuti akufuna kuwotcha mudzi wonse. Zigubu za palafini anaziponya paudzu.

A Nickson anadzuka, nayesa kutseka mpopi ndi chikhatho, petulo n'kuwathira kumaso. Anayesa kulanda kheni kwa mnyamata wina, mnyamatayo n'kuwazemba. Pomaliza anangoima, manja ali pamutu, akuyang'ana mafuta awo akubalalika kulowera mbali zonse zadziko.

Kumbuyo kwa galimoto kunayamba kukwera. Anyamata aja anaika pansi zotungira zawo, napinda mabuluku, nagwira galimotoyo kutsogolo ndi m'mbali.

"Abambo, lowani muike giya yobwerera! Kapena tiyendetse tokha?"

A Nickson analowa. Anyamata anafuula pamodzi, nakankha, matope akuwathira m'maso. Galimoto inagwedezeka, nibuula, nitulukira kutsidya chafutambuyo. Amayi anamunyamula Gloria pachitenje, naoloka naye, namukhazika pampando wakutsogolo. A Zelifa ndi a Enifa anakwera kumbuyo, nakhala pathanki ija, khanda lili m'manja, mitu ikugunda kudenga.

Njira yonse a Nickson ankangoyang'ana mwana wawo, milomo yake itayera ngati phulusa, mutu ukugwera uku ndi uku. Kamodzi kokha anati, "Gloria, usagone, mama. Tafika." Anayendetsa galimotoyo mmene sanaiyendetserepo chiigulire.

Kuchipatala anamwino anamulandira mothamanga. Anamuika madiripi, namupatsa magazi. Dzuwa likupendeka, namwino wamkulu anatuluka n'kunena kuti mayi ndi mwana ali bwino, koma akanachedwa pang'ono pokha nkhani ikanakhala ina. A Zelifa anakhala pansi pakhonde la chipatala nalira kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo. A Nickson anapita kukaima pagalimoto. Anagogoda thanki ija ndi chala. Inalira ngati ng'oma.

Anthu anayembekeza kuti munthuyo wasintha. Anakhaladi chete masiku angapo, akumunyamula mdzukulu wake mwaulemu. Koma Gloria atangotuluka m'chipatala, a Zelifa anawamva akufunsa pafoni ngati malole a mafuta afikanso, ndiponso ngati a McDonald angathe kuika loko pampopi. A Zelifa anangochapa yunifolomu yawo ya Mvano n'kuisita bwinobwino.

Lamulungu limenelo abusa anabwera. Anali munthu wachikulire, wofatsa, wokhulupirira aliyense, ndipo za m'mudzimo ankangomva zimene wauzidwa. Itakwana nthawi ya zothokoza, a Zelifa anaimirira napita kutsogolo. A Nickson, amene anakhala pa mpando wa akulu a mpingo kumaso kwa anthu onse, anayamba kutuluka thukuta.

"Abusa ndi mpingo wonse," anayamba a Zelifa, "ndaima pano kuthokoza Mulungu chifukwa cha moyo wa mwana wanga ndi mdzukulu wanga. Koma ndikufunanso kuthokoza amuna anga. Ambiri simunkadziwa chifukwa chimene anakulitsira thanki ya galimoto yathu. Ena munkawanena. Ngakhale ine ndinkawanena, Mulungu andikhululukire. Koma tsiku lija padambo, mafuta onse amene anawagonera pamzere anagawidwa kwa anthu ulere. Amene munatunga, kwezani manja."

Manja anakwera kumbuyo konse. Mnyamata wa chipewa chofiira anakweza onse awiri.

"Mwaona, abusa? Ndiye amuna angawa ndi amanyazi, sangathe kunena okha. Koma kunyumba sakugona, akungoganiza za odwala. Thanki yaikulu ija ndi yoti galimoto ikanyamula wodwala isamaime panjira, ngakhale atamutumiza ku Lilongwe. Akufuna kuipereka galimotoyo kuti izitumikira odwala a mpingo uno ndi mudzi wonse, usana ndi usiku, iwo eni akuyendetsa."

Tchalitchi chinaphulika. Amayi a Mvano analuluta, a Enifa akutsogolera, misozi ya kuseka ikutsika m'masaya. Anyamata akabaza anaimirira akuomba m'manja pamwamba pa mitu. A Raphael anafuula kuti, "Aleluya!" mpaka ana anadzidzimuka. Mayi wina analonjeza matiresi ogonekapo odwala. Mlembi anati mawa lomwe alengeza m'midzi yonse yozungulira.

Abusa anavula magalasi napukuta maso.

"Abale, zaka zonse ndatumikira, sindinaone chotere. M'masiku ano amene ena akubisa mafuta, ena akuwasakaniza ndi zinthu zina kuti abere anzawo..." Anapukusa mutu. "Inde, ziliko zimenezo, musadabwe. Koma pakati pathu pali munthu uyu. A Kaphwiti, imirirani mpingo ukuoneni. Tiuzeni mawu amodzi."

A Nickson anaimirira ngati munthu wonyamula thumba la chimanga chonyowa. Anayang'ana abusa, nayang'ana mpingo, nayang'ana akazi awo, amene anali ataweramitsa mutu mwaulemu wonse, manja ali pamodzi. Anatsegula pakamwa, natseka, natsegulanso.

"Zonse... ndi chisomo," anatero.

"Ameni!" unayankha mpingo, ameni wogwedeza malata.

Potuluka, anthu anaima pamzere kuwagwira chanza. Agogo ena anawauza kuti bondo lawo lakhala likudikira galimoto kuyambira chaka chatha, ndipo Lachiwiri ali okonzeka. Bambo wina anati mkazi wake mwezi wake ndi wamawa. A Nickson ankangogwedeza mutu. Atapeza kampata anawerama kukhutu kwa akazi awo.

"Mwandipha, Nambewe. Mwandipha ndili moyo."

A Zelifa anawakonzera kolala ya jekete, nawachotsa kaudzu paphewa.

"Sekererani, bambo a Gloria," ananong'ona. "Abusa akuyang'ana kuno."

A Nickson anatembenuka, naonetsa mano onse.